Amayi, makina a agogo aja musagulitse chonde

Amayi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Kawale uko. Ine kuno ku Glasgow, ku Scotland, ndili bwino, kungoti kuzizira kwafikapo, 4 koloko madzulo kumakhala kutada kale. Kandalama ka mwezi uno ndatumiza dzulo, mukalandira mundiuze.

Koma chimene ndalembera ndi ichi, mng'ono wanga wandiuza pa WhatsApp kuti achimwene akufuna kupereka makina osokera a agogo kwa anyamata ogula zitsulo aja, ati angodya malo kuchipinda. Amayi ayi ndithu, chimvereni nkhaniyi mtima sunakhale m'malo.

Kuno pali agogo ena amene ndimawasamalira, zaka zawo zadutsa 80, ali ndi Singer yakuda yamaluwa agolide ngati yathu ija, yawoyo ndi 201K. Akagwira kapu ya tiyi manja amanjenjemera mpaka ndimawagwirira, koma akangoika nsalu pansi pa singano mungadabwe, msoko umawongoka ngati alemba ndi rula. Amasoka chofunda cha zigamba, kuno amati quilt, amadula tizidutswa ta nsalu nkumalumikiza kamodzikamodzi kusiya mamilimita 6 okha m'mphepete, zikakwana amayala nsalu yathunthu pansi, thonje pakati, zigamba pamwamba nkusoka zonse zitatu limodzi, ndiye makina akalewa amangodutsa phee osatsamwa chifukwa mkati monse ndi chitsulo, pulasitiki mulibe. Sadziwa zigizagi, amangosoka msoko wowongoka basi, koma pa ntchito imeneyi wofunika ndi womwewo.

Ndi iwowo anandiuza kuti K ija ikuimira Kilbowie, fakitale ya Singer yomwe inali ku Clydebank, pafupi pomwepa. Inatsekedwa mu 1980 koma siteshoni ya sitima mpaka lero dzina lake ndi Singer. Tsiku langa lopuma ndinakwera sitima dala kukatsika pamenepo, nditawerenga chikwangwanicho misozi inalengeza, maso anga amangoona agogo pakhonde phazi likupalasa, akundisokera yunifolomu ya sitandade 1, mapini ali kukamwa, ine ndikusewera ndi kadirowa ka mabatani kaja. Fungo la oyilo lija mpaka ndinalimva.

Azimayi akuno amalimbirana makina akale, makamaka kakang'ono kotchedwa Featherweight kamene kanayamba kutuluka mu 1933, kolemera makilo 5 okha, amakanyamula m'kabokosi popita kukasoka ndi anzawo. Ife tili nawo athu m'nyumba, opalasa ndi phazi, magetsi azime asazime amasokabe, nkumati tiyeze pa sikelo ngati chitsulo chakutha?

Ndiye mundichitire izi. Patsogolo cha kumanja, m'munsi, pali nambala yodindidwa pachitsulo, mng'ono wanga aijambule anditumizire, nambala imeneyo imanena chaka chomwe anapangidwa. Muwachotse pansi pa zenera lodontha lija, muwafunditse chitenje. Ngati gudumu lalimba musakakamize, donthezani parafini pang'ono m'timabowo tija agone usiku, mawa lake mupukute kenako muthire oyilo wa makina weniweni, osati mafuta ophikira chonde, amenewo amauma nkumata zonse. Pamaluwa agolide paja musakwechepo ndi sitiliwulu angafufutike. Lamba ngati anaduka si nkhani, matelala a mtauni akuuzani kogula, ndalama yake nditumiza.

Chinanso muyambe kundisungira tizidutswa ta zitenje, ngakhale tomwe matelala amasesa madzulo pakhonde, mukapempha sangakane. Zitenje zakale za agogo zija nazonso musapange zokolopera, makamaka chobiriwira chomwe ankapita nacho kumvano. Agogo akunowa akundiphunzitsa, ndalumikiza kale timabwalo 12 ta zigamba pa makina awo, oyamba aja ngodya sizimakumana anandimasulitsa kawiri konse koma pano zikutheka. Ndikabwera ndikufuna ndidzakusokereni chofunda chanu pa makina a mayi anu omwewo, kuzizira kwa Julaye kukamadzafika mudzakhale mutafunda kale.

Achimwene muwauze bwinobwino asakhumudwe, ngati ndi ndalama akufuna andiimbire tikambirane, Lamulungu ndimakhala ndili pa ofu. Moni kwa azakhali ndi ana onse. Mankhwala a BP aja musamadumphitse.

Ndine mwana wanu.