Kwa eni shopu amene munandigulitsa blenda yodontha, ndiyankheni pompano

A manijala ndi eni ake a shopu ya zipangizo zamagetsi imene ndinagulako blenda mu Lilongwe muno, ndakupatsani moni. Dzina la shopu sinditchula, mukudzidziwa nokha, ndipo uthengawu ndausiyanso pa tsamba lanu la Facebook, pansi pa chithunzi cha blenda yomweyo imene mukuitsatsabe mpaka lero. Mauthenga anga a mseri mumangowerenga osayankha. Ndikaimba nambala ya pa lisiti, yankho ndi limodzimodzi, akuti abwana atuluka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndati ndilembe poyera.

Blenda imene munandigulitsa ikudontha pansi pa jagi. Waranti yake ya miyezi 12 sinathe, ngakhale theka sinafike. Kuikonza mwakana, kuisintha mwakana, kubweza ndalama mwakana, ndipo ngakhale nditapempha kuti mungondigulitsa chitsulo chimene chawonongekacho, mwati mulibe. Ine ndimagulitsa juwisi wa mango, mapapaya ndi malambe kwa anthu a m'maofesi. Blenda imeneyi sindinagulire kukongoletsa pa kabati, ndiyo imandipezetsa ndalama ya lendi ndi ya fizi. Mango achuluka panopa, ndipo akandipsera m'dengu palibe amene adzandibwezere.

Nditabwera nayo kwa inu, achimwene a pa kauntala sanaitulutse n'komwe mu katoni. Anangoti, "Mayi, imeneyo ndi labala, mukasinthe." Ndinati chabwino, ndigulitseni labalayo. Akuti sitisunga. Ndinafunsa kumene ndingakaipeze, akuti mukayese mumsika.

Kumsika ndinapitadi. Bambo wina wachikulire wokonza maayironi ndi maketulo anachita zimene inu munayenera kuchita, ndipo sizinamutengere nthawi. Ndilemba mwatsatanetsatane kuti musadzanene kuti ndikungolankhula za m'mutu.

Anachotsa jagi pa mota, nathira madzi a pa mpopi mpaka pa mzere womaliza wa muyeso wa pa jagipo. Anaipukuta kunja konse ndi kansalu mpaka inauma gwa, kenako anaikhazika pa nyuzipepala youma. Tinangokhala n'kumayang'ana. Posakhalitsa anainyamula, ndipo pa pepala panali kadontho kamodzi pakatikati penipeni. M'mbali monse, mmene mumadutsa labala ija, munali mouma. Kadonthoko sikanali koyera ngati madzi amene tinathira. Kanali kofiirira, ndipo nditakakhudza n'chala kanali koterera, kakununkha dzimbiri. Anataya madzi aja, nagwira mipeni ndi nsalu n'kuigwedeza. Inkasewera uku ndi uku, gwedegwede. Ataizunguza ndi chala inkalira kwee, n'kumakodwa penapake. Kenako anamasula pansi ponse, natulutsa labala ija n'kuikoka pamaso panga: yofewa bwinobwino, yopanda mng'alu, yosaphwatalala. Jagi anaiyang'ana pa dzuwa mozungulira, makamaka m'mazinga mmene mumabisala ming'alu. Panalibe kalikonse.

Anandifotokozera chonchi, ndipo nanunso mvetserani, popeza zikuoneka kuti katundu amene mukugulitsa simukumudziwa. Pansi pa jagi pali malo awiri amene madzi angadutse. Oyamba ndi m'mbali, pamene jagi imakumana ndi kambale ka mipeni, ndipo pamenepo pamatsekedwa ndi labala yozungulira ija. Labala ikauma, ikang'aluka, ikapindika pomanga kapena ikaikidwa malo olakwika, madzi amatulukira m'mbali, ndipo amakhala oyera kapena a mtundu wa zimene mukugaya. Imeneyo ndi nkhani yaing'ono, musintha labala basi. Malo achiwiri ndi pakati, pamene kachitsulo kozunguza mipeni kamaboola kupita pansi kukalumana ndi mota. Kachitsuloko kamazungulira mkati mwa beringi, kamphete kachitsulo kokhala ndi girizi, ndipo pamwamba pake pali kalabala kena kakang'ono kotchinga madzi kuti asalowe. Kalabala kameneko kakalephera, madzi amalowa mu beringi, amatsuka girizi, chitsulo chimachita dzimbiri, ndiye chimene chimadontha pansi ndi madzi ofiirira aja. Pa mablenda ambiri a kunyumba mbali imeneyi anaimata ku fakitale moti simasulika. Mankhwala ake ndi kusintha kambale konse ka mipeni. Mukhoza kusintha labala yakunja ija mpaka kutopa, kudontha sikudzasiya.

Bamboyo analibe kambale kolingana ndi blenda yanga. Anayesa tiwiri timene anali nato, kena mazinga sankagwira, kena mano a pansi sankalumana ndi a mota. Mtundu umenewu mumaitanitsa ndinu, ndiye sipeya yake ndikaifune kwa ndani?

Nditabwereranso kwa inu ndi nkhani imeneyi, nyimbo inasintha. Tsopano wolakwa ndinakhala ine. Poyamba akuti ndinathira zotentha. Zotentha zimang'alula jagi, kapena nthunzi imakankha chivundikiro n'kutayikira pamwamba. Jagi yanga ilibe mng'alu, ndipo juwisi wa mango sindidziwa amene amamugaya akuwira. Kenako akuti ndinadzaza kwambiri. Kudzaza kupyola mzere kumatayitsa ku chivundikiro, osati pansi. Kenako akuti ndinamanga mwamphamvu. Kumanga mopyola kumaphwanya labala kapena kudula mazinga, ndipo zonse ziwiri zili bwino, bwerani mudzaone. Pomaliza mayi wina wa pamenepo anati mwina ndimasinjiramo mtedza. Zoona, kugaya zouma nthawi yaitali mu jagi yaikulu kumatenthetsa beringi, ndipo n'chifukwa chake mu katoni mumakhala kakapu kena ka zouma. Koma nsinjiro zanga ndimasinja mu mtondo monga ankachitira amayi anga, kakapu kajanso kakadali mu pepala lake.

Sindikukana kuti beringi imatha. Imatha ndithu, ndipo imatha msanga ngati munthu amanyika mipeni m'beseni la madzi usiku wonse, kapena amasiya juwisi kugona mu jagi, kapena amailiza mosapumitsa mpaka pansi patenthe. Ine ndikamaliza ndimathira madzi ofunda ndi kadontho ka sopo wa mbale, kuiliza pang'ono, kutsukuluza, kumasula pansi n'kuyanika chilichonse pachokha. Ndikamagaya zambiri ndimaipumitsa pakati. Malambe ndimayamba ndawanyika n'kusefa, nthanga sizifika ku mipeni. Blenda yanga yakale ndinaisamala chomwechi ndipo inakhala zaka mpaka mota inatopa yokha, osadontha ngakhale tsiku limodzi. Iyi miyezi yowerengeka yokha.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi malangizo amene mnyamata wanu wina anandinong'oneza ndikutuluka, ndipo ndikukhulupirira kuti ankafuna kundithandiza: akuti ndikamate ndi supa gulu, kapena ndi silikoni ya mawindo. Abwana, mmenemo ndimagayiramo chakumwa cha anthu. Ana anga amamwa momwemo. Gulu pa chitsulo chozungulira mwaliwiro chotero sangagwire n'komwe, adzangonyenyeka n'kulowa mu juwisi. Ngakhale madzi ofiirira aja akundidetsa nkhawa, chifukwa njira imene madzi akutsikira ku beringi ndi yomweyo imene girizi ndi dzimbiri zingakwerere m'chakumwa. Tsiku limene ndinaona mtundu wa kadontho kaja, blendayo ndinaipachika. Panopa ndikubwereka ya mlamu wanga masiku amene iye sakuigwiritsa ntchito, ndipo makasitomala ena ndawataya.

Tsopano za waranti. A manijala, tsiku limene tinaonana maso ndi maso munati waranti ndi ya mota yokha, jagi ndi mipeni ayi. Pa kakhadi kamene munandipatsa, kokhala ndi chidindo chanu, mawu amenewo palibe. Panalembedwa miyezi 12 basi. Pogula palibenso amene anandiuza. Koma tiyerekeze kuti n'zoona. Kodi madzi akudonthawa akugwera kuti? Akugwera pa mutu pa mota, pamene pali kagiya kolumana ndi mipeni, ndipo akakhala pamenepo amatsika ndi chitsulo kulowa mkati. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo blenda imagwidwa ndi manja onyowa, m'khitchini mmene pansi pamakhalanso ponyowa. Ndiye mukufuna ndipitirize kuigwiritsa ntchito mpaka mota ipse, kapena mpaka mwana wanga agwidwe nyesi, kuti waranti yanuyo iyambe kugwira ntchito? Ndipo ndikudziwa chimene mudzanene tsiku limenelo. Mudzatsegula, mudzapeza dzimbiri, mudzati mota inalowa madzi, waranti yafa. Uku mwatseka, uku mwatseka.

Munanenanso za kusowa kwa ndalama zakunja. Vutolo lilipo, tonse tikulidziwa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu ngati zimenezi inakwera moti ena tinachita kulowa chipereganyu kuti tigule. Koma ndalama zoitanitsira makatoni a mablenda athunthu, amene mwawaunjika mpaka kudenga, mukuzipeza. Zikusowa ndi za timalabala ndi timbale ta mipeni, timene mazanamazana tingakwane mu katoni imodzi. Ine ndikuona kuti si kusowa kwa ndalama ayi. Mukudziwa kuti munthu akasowa kachitsulo kamodzi adzabwera kudzagula blenda yonse yatsopano.

Pa khoma kuseri kwa kauntala yanu pali chikwangwani chonena kuti katundu akatuluka sabwezedwa, ndipo ndi chimene munandilozera pomaliza. Chikwangwani si lamulo. Lamulo ndi Competition and Fair Trading Act, limene linalipo kuyambira 1998 ndipo linakonzedwanso mu 2024, ndipo sililola wamalonda kusamba m'manja pa katundu wachilema amene wagulitsa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda za zikwangwani zoterezi, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Sindinafikeko chifukwa ndimafuna tiyambe tamvana tokha ngati anthu, komanso nthawi yokhala pa mabenchi a m'maofesi ndi nthawi imene ndikanakhala ndikugulitsa. Koma njira yake ndikuidziwa.

Anzanga amene mukuwerenga, makamaka inu a mafilizi ndi juwisi, pogula blenda musamakhutire ndi kuiliza pa soketi ya mu shopu. Mota yatsopano iliyonse imalira. Apempheni madzi, muthire mu jagi, muikhazike pa pepala, ndipo mugwedeze mipeni muone ngati ikusewera. Afunseni ngati labala ndi kambale ka mipeni amagulitsa padera, akuonetseni ndi maso, asangoti zibwera. Za waranti alembe pa lisiti kuti ikukhudza chiyani. Ngati yanu yayamba kudontha, zulani pulagi kaye musanakhudze china chilichonse, pukutani pa mota, ndipo musaiyatse isanaumitsitse. Madzi akakhala akutulukira m'mbali, masulani muone ngati labala yakhala bwino m'malo mwake, popeza nthawi zina kamakhala kanyenyeswa chabe kamene kakodwa pansi pake. Pomanga, yambani pang'onopang'ono kuti mazinga alowe mowongoka, mumange ndi dzanja mpaka igwire, osachita kulimbana nayo. Pokagula labala ina tengani yakaleyo m'thumba, chifukwa zimasiyana kukula ndi kukhuthala, ndipo yosiyana pang'ono imadontha kuposa yakutha. Koma mukaona madzi ofiirira pakati, musataye ndalama pa labala.

Kwa inu a shopu, zopempha zanga sizambiri. Ndipatseni kambale ka mipeni katsopano kolingana ndi blenda imeneyi, kwaulere, popeza waranti ilipo. Ngati mulibe, masulani pa blenda ina ya mu sitoko yanu, inu mukathane ndi amene amakupatsani katundu. Ngati zimenezonso zavuta, tengani blenda yanu mundibwezere ndalama zanga, ndikagule kwina kumene amasunga masipeya. Ndipo anyamata anu a pa kauntala aphunzitseni kuyesa jagi ndi madzi ndi pepala, asiye kutumiza anthu kumsika kukasaka labala imene sinawonongeke, asiyenso zouza anthu kumata ziwiya za chakudya ndi gulu.

Musandilembere kuti "tatumizani nambala yanu tikuimbireni". Nambala muli nayo, ili pa buku lanu la waranti. Yankhani pansi pano kuti ena amene anagula mtundu womwewu aone, chifukwa sindikukhulupirira kuti mu katundu yense uja yachilema inali yanga yokha. Loweruka m'mawa ndibwera ndi blenda, katoni yake, lisiti, kakhadi ka waranti ndi botolo la madzi, tidzayesere limodzi pa kauntala panu a manijala muli pomwepo. Mukadzakhala kuti mwatulukanso, Lolemba kalata yanga ikalowa ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo m'kalata imeneyo dzina la shopu ndidzalemba.