Asatibere ndalama m'dzina la quantum physics

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za bambo uja wa suti yonyezimira amene anadzaza holo ina pa Kasungu boma Loweruka lapitali. Pakhomo anthu amalipira K10,000 kuti akamve zoti quantum physics, sayansi ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri, inatsimikiza kale kuti maganizo a munthu ndiwo amalenga zinthu. Eti ukachiyang'anitsitsa chuma mumtima, chimabwera. Chinabweradi, koma m'thumba mwa iwowo.

Ine ndimaphunzitsa physics, ndiye zandiwawa. Zoona n'zakuti ma electron, tinthu ting'onoting'ono topezeka mu atomu, akamadutsa pa timipata tiwiri, amasiya mizeremizere pomwe akugwera, monga amachitira mafunde. Mukaikapo chipangizo chozindikira kampata kamene electron iliyonse yadutsa, mizere ija imasowa. Apa m'pamene mkuluyu anadumphira: akuti electron yadziwa kuti munthu akuiona! Ayi bambo. Chipangizocho chimachita zomwezo ngakhale aliyense atatuluka kukadya nsima. Mpweya kapena kuwala zikangogunda tinthu timeneti, mizere imafufutika popanda woganiza aliyense. Katswiri wa physics H. Dieter Zeh anayamba kufotokoza zimenezi mu 1970.

Dzina la Eugene Wigner, katswiri wina wa physics, bambo wa suti uja ankalitchula ngati ndi malume awo. Inde, mu 1961 Wigner analemba kuti mwina maganizo a munthu ndiwo amamaliza ntchito yoyeza tinthu timeneti, potsatira funso lomwe katswiri wa masamu John von Neumann anadzutsa mu 1932. Chomwe sanatiuze n'chakuti Wigner yemweyo anadzaisiya mfundoyo. Ndipo ngakhale iyeyo sananenepo kuti munthu angasankhe chotuluka. Lamulo la katswiri Max Born la 1926 limangowerengera mwayi wa chotuluka chilichonse, kaya mwafuna kaya simunafune. Akatswiri akadakanganabe za chimene chimachitika kwenikweni poyeza, koma mkanganowo sunatsitsepo mtengo wa feteleza.

M'holomo munali alimi a fodya ndi ndalama zomwe akhetsera thukuta chaka chonse, munalinso ana anga a Fomu 4. Sindiwadzudzula anawo. M'sukulu zathu zambiri labu ndi dzina chabe, mwana amalemba MSCE atangoloweza zojambula za pa bolodi. Ndiye akamva munthu akulavula Chingerezi ndi mayina a azungu, angamutsutse ndi chiyani?

A National Commission for Science and Technology, chonde pitani pa wailesi mukafotokoze zimenezi m'Chichewa. Eni maholo nanunso, wina akabwera ndi sayansi, muzimufunsa kaye kumene anaiphunzira musanamupatse makiyi.

Mphunzitsi wokwiya,
Kasungu