Kwezani mitengo yolowera ngati mwapanikizika, koma tiuzeni nthawi ilipo

Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule za mitengo yolowera m'malo achisangalalo. Tikunena za malo a ana okhala ndi akatungwe, jumping castle ndi madamu osambiramo, komanso malo osungirako nyama zakutchire monga paki yathu ya Kasungu. Mitengo ikukwera, ndipo ife sitikutsutsa kuti eni malo ali ndi zifukwa. Chomwe chikutipweteka n'choti mtengo watsopano timakaumvera pageti, ana atatsika kale m'basi.

Zifukwa za eni malo tikuzidziwa. Pafupifupi chilichonse chomwe mwana amaseweretsa pamalo otere chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi dola. Mu May 2022 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu November 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Jumping castle siimangoima yokha. Pamafunika makina opopa mpweya oyaka tsiku lonse osapuma, ndipo magetsi akazima ndiye kuti jenereta iyake, mafuta ayambe kupita. Damu losambiramo limadya klorini tsiku ndi tsiku, pampu yozunguliza madzi imafuna kuyenda maola angapo ngakhale kusabwere munthu mmodzi, ndipo mchenga wa musefa umatha ntchito n'kufuna kusintha. Katungwe amadya tcheni ndi mabering'i. Mwini malo amene sakweza mtengo pamene zonsezi zakwera amayamba kuchepetsa klorini, madzi n'kusanduka obiriwira, ana n'kubwerako maso ali psu ndi makutu owawa. Kapena amaika ana ochuluka m'jumping castle imodzi, wa zaka 4 pamodzi ndi wa zaka 13, ndipo wovulala amakhala wamng'onoyo. Ndiye mtengo wotsika kwambiri nawonso uli ndi zake.

Koma pali njira zokwezera mitengo zomwe zidayambira kutali ndipo zayamba kutipeza, choncho ndi bwino owerenga azidziwe. Malo otchuka a Disneyland ku California adatsegulidwa mu 1955, ndipo kulowa kunali dola imodzi, zokwera n'kumalipira padera. Mu 2016 kampani ya Disney idayamba kutchaja molingana ndi tsiku: tsiku lopanda anthu mtengo wotsika, tsiku la tchuthi mtengo wokwera. Pofika October 2024 tikiti ya tsiku limodzi ya munthu wamkulu inkayambira pa madola 104 kufika pa 206. Mtengo wotsikawo ndi umene umakopa maso, koma umagwa pamasiku amene ana ali kusukulu ndipo makolo ali kuntchito. Banja lenileni limapita pa tchuthi, ndiye limalipira wapamwambawo. Chinanso, kuyambira 1999 kunali njira yaulere yosungitsira malo pamzere yotchedwa FastPass. Mu 2021 adaithetsa n'kubweretsa yolipira. Tikiti ya pageti idakhala yomweyo dzina lake, koma zomwe inkagula zidachepa.

Nkhani ya tikiti ya chaka chonse ndiyo yofunika kuimvetsa bwino. Mu August 2021 Disneyland idayamba kugulitsa matikiti a chaka otchedwa Magic Key, ndipo yapamwamba kwambiri, Dream Key, inali madola 1,399 ndipo idalengezedwa kuti ilibe masiku oletsedwa. Ogula adapeza kuti ngakhale zili choncho, amayenera kusungitsa malo pasadakhale, ndipo masiku ena abwino malo a eni matikitiwa ankapezeka atatha pamene matikiti a tsiku limodzi akugulitsidwabe. Nkhani idapita kukhoti, ndipo mu 2023 kampaniyo idavomera kulipira madola 9.5 miliyoni kuti mlandu uthe. Kumeneko anthu anali ndi pepala lolembedwa loti n'kukaonetsa woweruza. Kuno kwathu munthu amapereka ndalama ya "umembala" n'kupatsidwa kakhadi kopanda mawu ena alionse kupatula dzina lake.

Aliyense wofuna kugula tikiti ya chaka kapena ya miyezi ingapo ayambe wawerengera. Tiyerekeze kuti kulowa tsiku limodzi ndi K5,000 ndipo tikiti ya chaka ndi K40,000. Gawani 40,000 ndi 5,000, mupeza 8. Ndiye kuti ulendo wachisanu ndi chinayi ndi umene mumayamba kupindula, ndipo mukapita kasanu kokha mwataya K15,000. Tsopano funsani ngati tikitiyo imagwira ntchito pa Khirisimasi, pa 1 January, pa Isitala, pa 6 July ndi pa 15 October, tsiku la anakubala. Ngati masiku amenewa aikidwa pambali kuti ndi "apadera", chotsani maulendo asanu pa omwe mumaganiza, chifukwa ndi masiku omwe banja limakhala ndi mpata. Chotsaninso miyezi ya June ndi July ngati chokopa chachikulu ndi kusambira, pakuti ndi chisanu cha kuno mwana salowa m'madzi. Kwa mlimi chotsaninso nthawi yodzala, yopalira ndi yothyola fodya. Zotsalazo ndiwo maulendo enieni. Funsaninso ngati khadi ndi ya munthu mmodzi kapena mwana wina angalowere, ngati chaka chikuyambira tsiku logula kapena chimatha pa 31 December ngakhale mwagula mu September, ndiponso chomwe chimachitika malowo akatsekedwa mwezi wathunthu pampu itafa. Mayankho onse alembedwe palisiti. Safunsa adadya phula.

Ndipo tikiti ya chaka simakulipirirani thiransipoti. Mwini malo amadziwa kuti wa khadi akabwera agula zakumwa, tchipisi ndi ayisikirimu, n'chifukwa chake malo ambiri amaletsa kulowa ndi chakudya cha kunyumba. Banja la anthu asanu likhoza kuwononga zambiri pa chakudya kuposa pageti.

Kumene kukwera kwadzidzidzi kumapweteka koposa ndi kumaulendo a sukulu, ndipo apa tikufuna tikhalitsepo. Ulendo wa ana a Sitandade 7 kapena 8 wopita kupaki ya Kasungu sukonzedwa sabata imodzi. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi imakhala pansi kumayambiriro kwa teremu, n'kugwirizana ndalama ya mwana aliyense, ndipo makolo amapereka pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri kapena itatu, ena podikira kuti fodya wawo agulidwe ku Chinkhoma, ena atagulitsa soya kapena mtedza. Ndalama ikalengezedwa pamsonkhano wa makolo, yatsekeka. Mphunzitsi amene angabwererenso kukapempha K1,500 yoonjezera amayamba kunenedwa kuti akufuna kudya ndalama za ana, ngakhale atakhala woona mtima chotani.

Kuwerengera kwa ulendo wotere kumayenda motere. Kuchokera paboma kukafika kudamu la Lifupa, m'kati mwa paki, ndi makilomita pafupifupi 50, ndiye kupita ndi kubwerera ndi 100, ndipo muonjezepo ena 30 kapena 40 ozungulira m'paki kufunafuna nyama. Ambiri amaiwala gawo lomalizali, dalaivala n'kukana kuyenda m'kati ati mafuta omwe adapangana ndi ofikira padamu basi. Kositala pamsewu wafumbi muziiwerengera lita imodzi ya dizilo pa makilomita 6 kapena 7, kutanthauza malita 19 mpaka 23 pagalimoto iliyonse, ndipo ngati sukulu ili ku Chamama kapena ku Santhe muonjezere mtunda wofikira paboma. Kositala imanyamula anthu osapitirira 30. Ana 60 ndi aphunzitsi anayi sakwana m'makositala awiri, ndipo kuwapanikiza ndiko kumabweretsa chindapusa panjira, osanenanso za ngozi. Pageti pamakhala ndalama ya munthu aliyense ndi ina ya galimoto, ndipo mitengo imasiyana pakati pa Amalawi, alendo okhala m'dziko muno ndi alendo ochokera kunja. Akuluakulu atenge ziphaso zawo zaunzika. Madalaivala ndi othandizira awo nawonso ndi anthu olowa, awerengereni. Funsaninso za woperekeza, chifukwa m'paki simutsika m'galimoto paliponse pomwe mwafuna, ndipo ana akayenda popanda wowafotokozera amangoona mitengo ya msuku ndi mombo n'kumati kulibe kanthu.

Pamwamba pa zonsezi ikanipo gawo limodzi mwa magawo khumi ngati ndalama yodzitetezera, ndipo auzeni makolo poyera kuti ikatsala idzabwezedwa kapena idzagula choko. Mwini galimoto mulemberane naye pepala lonena kuti mtengo wa mafuta ukasintha tsiku la ulendo lisanafike, chosintha ndi ndalama ya malita okhawo, osati hayala yonse. Izi zimathandiza kwambiri, pakuti mtengo wa mafuta bungwe loona za mphamvu la MERA likaulengeza umayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo eni galimoto ena amapezerapo mwayi wokweza zonse. Lembani kalata kuofesi ya paki milungu itatu kapena inayi ulendo usanachitike, yonena tsiku, chiwerengero cha ana, cha akuluakulu ndi cha galimoto, ndipo mupemphe yankho lolembedwa lokhala ndi mitengo. Mtengo wa pafoni ulibe mboni.

Taganizirani pageti nthawi ya 8 koloko m'mawa. Ana ali pamawindo, yunifolomu yochapidwa dzulo, m'manja muli timabotolo ta thobwa ndi mbatata yophika. Mphunzitsi wamkulu watsegula envulopu, akuwerenga ndalama kachiwiri, ndipo zaperewera chifukwa mtengo womwe adamva mu April si womwe uli lero. Netiweki ya foni ikuvuta, ndiye ngakhale atafuna kuti wina amtumizire pa Mpamba kapena Airtel Money sizitheka msanga. Chotsatira n'choti ndalama ya chakudya cha masana ndiyo imalowa pageti. Zoterezi zikhoza kuchitika pamalo alionse olipiritsa, aboma kapena a munthu, ngati mitengo siilengezedwa.

Pempho lathu kwa eni malo ndi kwa a nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire ndi losavuta. Mtengo watsopano uzilengezedwa masiku osachepera 60 usanayambe, pawailesi za m'madera, pachikwangwani cha pageti ndi kumaofesi a zamaphunziro, komwe alangizi a masukulu angautengere kumazoni. Sukulu yomwe yasungitsa tsiku ndi kupereka kachigawo ka ndalama izilowa pamtengo wa tsiku lomwe idasungitsa. Chikwangwani chizinena zonse: kulowa, galimoto, woperekeza, kusambira, chokwera chilichonse, ndi zaka zomwe mwana amayamba kulipira ngati wamkulu. Kulemba mitengo poonekera si chifundo, ndi ufulu wa wogula, ndipo bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC lilipo kuti lizilandira madandaulo a ogula pankhani zotere.

Ngati mwasankha kutengera nzeru yotchaja molingana ndi tsiku, itengereni mbali yake yabwino. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi malo ambiri amakhala zii, pampu ikuyendabe, alonda akulipidwabe. Masiku amenewa ndiwo oyenera masukulu ndi magulu a mipingo pamtengo wotsika. Mwini malo sataya kanthu, chifukwa damu lopanda munthu nalonso limadyabe klorini.

Za paki ya Kasungu tionjezepo mawu amodzi. Ndi yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika, idakhazikitsidwa ngati paki mu 1970, ndipo mu 2022 idalandira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi mpanda, monga kwa Chulu, ndiwo amagona panja kulondera chimanga njovu zikatuluka. Mwana wa kumeneko amadziwa njovu ngati chinthu chowononga munda wa amayi ake. Kuti adzaione mwanjira ina, ayenera kuiona ikumwa madzi padamu la Lifupa, iye atakhala phee pamodzi ndi anzake, wina akumufotokozera chifukwa chake imasungidwa. Masukulu a m'malire a paki akuyenera mtengo wawowawo wotsikitsitsa, wolembedwa, wodziwika chaka chonse, ndipo masiku ena azilowa ulere. Ndalama yomwe ingatayike pageti ndi yochepa poyerekeza ndi yomwe imapita pokonza mpanda wodulidwa waya ndi pochotsa misampha.

Teremu yachitatu ndiyo nyengo ya maulendo ambiri, misewu itauma ndipo udzu utayamba kuchepa moti nyama zimaoneka. Makomiti amayamba kutolera ndalama masukulu akangotsegulira mu April. Ngati pali mitengo yomwe isinthe chaka chino, tikupempha kuti ituluke mwezi wa February usanathe.

Okonza maulendo a masukulu,
Kasungu