Mliri unatidyetsa mpamba

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhulire ife alendo ogulitsa chakudya m'misewu ya dziko la eni. Anthu akamakumbukira mliri wa Covid-19 satitchula.

Ndinali ku Johannesburg pamene Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti aliyense abindikire m'nyumba kuyambira pa 27 Malichi 2020, poyamba kwa masiku 21. Ine ndinkaphika pafupi ndi pokwerera maminibasi: mapoto awiri, tebulo ndi sitovu ya gasi. Firiji ndinalibe. Ndiwo zimene ndinali nditapikula zina tinadya ndi ana, zina ndinagawira anansi, zotsala zinawola ndikuona.

Geni ya chakudya imayendera ndalama ya dzulo. Wagulitsa lero, mawa ukapikule. Ukaima sabata imodzi wayamba kudya mpamba, pomwe mwininyumba akugogoda kufuna lendi, kwanu nakonso akuimba foni kuti bwanji mwezi uno simunatumize.

Kumayambiriro kwa Epulo analola ogulitsa m'misewu kubwerera, koma pokhapokha atakhala ndi chilolezo cholembedwa. Ndinaima pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo nditafika pawindo anandifunsa mapepala amene ndinalibe. Ngakhale akanandipatsa, kugulitsa chakudya chophika chotentha kunali koletsedwa. Ndalama ya R350 pamwezi imene boma linayamba kupereka kwa osowa ntchito inasiya alendo ambiri kunja. Zinatengera khoti kulamula, mu Juni 2020, kuti opempha malo othawirako ndi okhala ndi zilolezo zapadera alandire nawo. Opanda mapepala sitinalowemobe.

Chondiwawa n'chakuti amene ndinkawaphikira anali eni dziko omwewo: madalaivala, alonda, amayi okolopa m'maofesi. Ena ankadya pangongole mpaka mwezi uthe, ine n'kumangolemba m'kabuku. Masitolo akuluakulu anali otsegula nthawi yonseyo, koma ndi sitolo iti imene ingakongoze munthu chakudya chifukwa choti imamudziwa nkhope?

Sindikunyoza malamulo oteteza moyo. Ndinataya mnzanga wa pamtima ndi matendawa, ndipo ndikudziwa kuti amapha. Pempho langa kwa olamulira n'lakuti mliri wina ukadzagwa, chilolezo chogulitsa chakudya chidzayendere ukhondo wa pamalo, sopo, madzi ndi masiki, osati dziko limene munthu anabadwira.

Poto wamkulu ndinagulitsa mu Meyi kuti ndilipire lendi. Kabuku kangongole ndikadali nako, koma ambiri olembedwamo sindinawaonenso.

Mayi wogulitsa chakudya,
Johannesburg