Tidavina padzuwa, malipiro ake banzi ndi Fanta

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndine mmodzi mwa akuluakulu a gulu lovina mganda ndi chimtali kuno kwathu. Mwezi wathawu ofesi ina yaboma idatiitana kuti tikasangalatse anthu pamwambo womwe kudabwera mlendo wolemekezeka kuchokera ku Lilongwe. Adati tifike 7 koloko m'mawa, za mayendedwe ndi kangachepe tikaonana komweko.

Tidapita anthu 22 pa lole yobwereka, mafuta tidachita kusonkherana. Anyamata adachapa makabudula oyera ndi masokosi dzulo lake, kusita ndi simbi yamakala mpaka usiku. Ng'oma tidaziwamba pamoto katatu konse chifukwa zinkangofwefwera tikudikira. Mlendo uja adatulukira dzuwa litapendeka. Titangolowa m'bwalo, nyimbo yachiwiri isadafike n'pakati pomwe, woyendetsa mwambo adatidula pa chimkuzamawu, ati bwana ali ndi msonkhano wina. Kenaka kudabwera mnyamata ndi kreti ya Fanta ndi jumbo ya mabanzi.

Banzi, akonzi! Limodzi munthu mmodzi, louma loti ukaponyera galu akhoza kukuuwa. Mabotolo adalipo 20, ife 22, moti amayi awiri adamwera botolo limodzi, woimba ng'oma wathu n'kungomeza malovu. Mabotolowo adachita kutiwerengera pobweza, kuopa kuti tingabe. Pomwe ife tinkalimbana ndi banzilo, kuseri kwa tenti kudali mzere wa anthu a mataye akusainira maalawansi. Adagwira ntchito yanji? Kukhala pamthunzi ndi kuwomba m'manja. Zikomo kwambiri mabwana, banzi lija tidaligawana ndi ana kunyumba, lotsala tikalipirira fizi. Za kangachepe zija tapitako kawiri, yankho lake ndi lakuti amene amasaina adachokapo.

Pokamba mawu ake, mlendoyo adati chikhalidwe ndi msana wa dziko. Adatchulanso monyadira kuti bungwe la UNESCO lidazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, Tchopa mu 2014. Zoona zimenezo. Koma ndani amagula chikopa chokungira ng'oma? Ndani amaphunzitsa ana masitepe madzulo aliwonse popanda ndi tambala yomwe? Satifiketi ili mu ofesi ku Lilongwe, ovina ake akuyenda chapansi.

Musaganize kuti ndi ife akumudzi tokha. Pitani ku Blantyre mukaone malo aja tinkawatcha French Cultural Centre, komwe magulu a zisudzo monga Wakhumbata ndi Kwathu ankadzaza anthu mpaka ena kuimirira. Boma lidatenga malowo mu 2011 n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, ndipo posakhalitsa akuba adalowamo n'kusasula zomwe adatha kunyamula. Zaka zidatha tikungomva kuti akukonza, akukonza. Nyumba imodzi yokha! Koma bwalo la mpira la Bingu lidamangidwa kuchokera pa maziko n'kutsegulidwa mu 2017. Sindidana ndi mpira, inenso Flames ikamasewera wailesi imakhala pakhutu, koma anzathu amasewerowa ali ndi khonsolo yawo kuyambira 1974. Ku Zimbabwe khonsolo yoona zaluso idakhazikitsidwa mu 1985, ku Zambia lamulo lake lidadutsa mu 1994. Ife ndondomeko ya zachikhalidwe idavomerezedwa mu 2015, ndipo aphungu adadikira mpaka 2024 kuti avomereze lamulo la NAHEC, lokhazikitsa khonsolo yoona zaluso ndi chikhalidwe. Zaka zonsezo amene ankathandiza mabungwe a aluso ndi anthu akunja, monga dziko la Norway kudzera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Gule wathu, makolo athu, koma wotigulira ng'oma achokere ku Oslo. Manyazi mulibe?

Ndipo ndalama zikapezeka, monga zija COSOMA imagawa kuchokera pa msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo, zimafikira amene adajambulitsa nyimbo zawo n'kulembetsa. Nzabwino, adye thukuta lawo. Nanga ife amene luso lathu lili m'miyendo ndi m'chiuno, tilembetse chiyani?

Chomwe chimandinyansa kwambiri ndi pamaliro. Woimba akadwala amachita kupemphetsa pa Facebook kuti apeze ya mankhwala, nduna osaoneka. Tsiku lomwe watisiya, magalimoto akuluakulu ndondondo, bokosi lodula, nkhata zamaluwa, chipepeso chochita kulengeza pa chimkuzamawu, ati dziko lataya chipilala. Nthawi ya kampeni ndiye musanene, aliyense amafuna ng'oma patsogolo pake, zitenje zaulere mbwee, mavoti akangowerengedwa nambala yathu ya foni imasowa.

Ndikupempha a Nduna oona zachikhalidwe, komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za bajeti, ndi mafumu athu aakulu amene amakhala kutsogolo pamiyambo yotereyi, kuti alankhulepo. Inu a Gogo Chalo, ovinawa ndi ana anu, mumaona ndi maso anu akupatsidwa banzi. Lamulo la NAHEC lisathere pa kugula magalimoto a mabwana ndi masemina a kunyanja. Thumba lake lifike m'maboma, ndipo mafomu ake alembedwenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti nafe tizitha kupempha. Koma poyambira penipeni mposavuta: ofesi iliyonse yoitana gulu lovina iziika malipiro ake pa bajeti ya mwambo, pamzere womwewo pali mafuta a bwana, ndipo theka lizilipidwa gule asadayambe.

Pakadali pano gulu lathu lagwirizana kuti kalata yotiitana ikabweranso, tidzawatumizira kreti yopanda kanthu ija kuti ikavine ndiyo.

Woimba ng'oma wokhumudwa,
Dowa