Lipoti la nthumwi za komiti ya chitukuko ya dera (ADC) pa msonkhano wa intaneti ndi ntchito za boma

Wapampando, Mfumu Yaikulu, a Gulupu nonse, a Khansala ndi mamembala anzathu, munatituma anthu awiri ku msonkhano wa masiku awiri ku Lilongwe ndi funso loti netiweki idzafika liti kuseri kwa phiri kuno, kuti anthu athu asiye kuwononga ndalama zoyendera kukafola pa boma. Tsiku lodzamanga nsanja ya netiweki sitinabwere nalo. Chimene tabwera nacho ndi ntchito yoti tiyambe tokha nsanjayo isanabwere, ndipo ndi yambiri ndithu.

Tiyambe ndi kumene intaneti imachokera. Dziko lathu silinagunde nyanja yamchere, choncho imatipeza pa zingwe za fayiba zodzera ku Tanzania ndi ku Mozambique, kumene kumatulukira zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. N'chifukwa chake ziwirizi zitaduka mu Meyi 2024, intaneti inkachita kukwawa kuno. M'dziko muno boma linayala chingwe chachikulu pa mapolo a ESCOM, ntchito yomwe inagwiridwa ndi Huawei pa ngongole ya ku China, ndipo mu 2022 linatsegula nyumba yosungiramo deta ya boma ku Blantyre. Panalinso pulojekiti ya Digital Malawi imene World Bank inavomereza mu 2017 ndi madola 72.4 miliyoni. Imeneyi inalumikiza maofesi, zipatala ndi masukulu ena a boma, n'kuikanso WiFi yaulere m'malo ena monga misika ndi mabwalo a ndege. Zonsezi ndi zabwino, koma zambiri zimathera pa boma ndi m'matauni, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse timakhala kumudzi.

Khomo lathu ife ndi thumba la Universal Service Fund, lomwe lili m'lamulo la Communications Act la 2016 ndipo amaliyendetsa ndi a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi. Makampani a mafoni amasonkhamo, ndipo cholinga chake ndi madera ngati athu, kumene kampani payokha singaone phindu. Nsanja si chitsulo chokha ayi. Imafuna malo, msewu wodutsika nyengo ya mvula, magetsi kapena sola ndi jenereta, mlonda, komanso mbale yake iyenera kuonana ndi nsanja ina popanda chotchinga. Phiri lathuli limatchinga pamenepo. Ndiye pamene tingakonde kuti nsanja ikhale, monga pa msika, mwina si pamene akatswiri angasankhe, ndipo mafumu akonzekeretu kupereka malo pa chitunda.

Kalata yongoti “kwathu kulibe netiweki” a MACRA amalandira zambirimbiri. Yathu ikhale ndi umboni. Mudzi uliwonse payende anthu awiri, wina ndi foni ya TNM, wina ya Airtel, m'mawa ndi madzulo, azilemba chilembo chimene chikuoneka pamwamba pa foni: E, H, 4G kapena popanda kanthu. Pa E munthu amayimba, amatumiza ndalama pa *211# kapena *444#, koma sangatumize fomu yokhala ndi zithunzi. Imazungulira mpaka kudula. Alembenso manambala a GPS a malowo, chiwerengero cha mabanja, ndi mtunda wofika ku sukulu, ku chipatala, ku msika ndi ku depoti. Tonse tinaonapo pa depoti ya feteleza wotsika mtengo: matumba ali mbwee m'nyumba, anthu ali pa mzere chigonere, wogulitsa ali pa chulu wakweza foni m'mwamba kuti chiphaso chimodzi chidutse. Malo oterowo alembedwe oyambirira.

Tsopano nkhani imene tikufuna muimvetsetse kwambiri. Ngakhale 4G itafika mawa, anthu athu ambiri adzakanidwabe, chifukwa ntchito za boma za pa intaneti zimayamba ndi chiphaso cha unzika ndi nambala ya foni. A NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, analemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo mu 2017, ndipo kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imalembetsedwa. Lero msonkho uli pa Msonkho Online ya MRA, kulembetsa bizinesi kuli pa MBRS, ana ofuna malo ku yunivesite za boma amafunsira pa intaneti ku NCHE, ngongole ya maphunziro nayonso chimodzimodzi, ndipo ndalama za mayeso a MANEB zimalipiridwa pa foni kapena ku banki. Kalaliki wa pa ofesi amatha kumvetsa kuti munthuyu ndi yemweyo. Kompyuta simva zimenezo. Mwana akakhala ndi dzina la bambo pa chiphaso koma la malume pa satifiketi, kapena kwina linalembedwa ndi l kwina ndi r, kapena chaka chobadwa chikusiyana, fomu imabwerera kapena kungokhala osayankhidwa.

Vuto lachiwiri ndi simu yolembetsedwa pa chiphaso cha munthu wina. Ambiri, makamaka amayi ndi agogo, anawalembetsera ndi mwamuna, mdzukulu kapena ejenti amene. Tsiku limene foni yatayika, sangabwezeretse nambala yawo, ndalama zili momwemo, ndipo nambala yotsimikizira imene imabwera pa uthenga polowa m'mawebusayiti amenewa imapita kwa amene watola simuyo. Lachitatu ndi chiphaso chenichenicho: chili ndi tsiku lothera, ndipo timadontho ta kuseri kwake tikafufutika chifukwa chosungidwa pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi makobidi, makina amalephera kuwerenga. Zitatu zonsezi zikhoza kufufuzidwa mudzi ndi mudzi popanda netiweki, ndi kope ndi cholembera basi.

Pa za sukulu, MACRA ili ndi ndondomeko ya Connect a School yomanga zipinda za makompyuta m'masekondale. Ngati CDSS yathu ingapeze mwayi umenewu kapena wina wofanana nawo, chopha zipindazi ndi magetsi. Tawerengera motere. Malaputopu 20, iliyonse mawati pafupifupi 45, ndi mawati 900; kwa maola asanu ndi mayunitsi anayi ndi theka. Kuwonjezapo rauta, magetsi ounikira ndi mbale ya Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, yomwe inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, tikufika mayunitsi asanu ndi limodzi pa tsiku. Izi zikufuna mapanelo anayi kapena asanu a mawati 400, inveta ndi mabatire. Makompyuta akuluakulu a pa tebulo amadya kuwirikiza katatu, choncho wina akatipatsa amenewo tisalandire osafunsa za sola. Mabatire wamba akamakhetsedwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku sachedwa kufa, ndipo chimawakhetsa kawirikawiri ndi kutchajitsa mafoni a mudzi wonse usiku. Pafunikanso chitsulo chokhomera pansi choteteza ku mphenzi, zitsulo za m'mawindo, siling'i yotchinga fumbi, ndi ndalama ya intaneti ya mwezi ndi mwezi, imene komiti ya sukulu iyenera kudziwiratu kumene izichokera pulojekiti ikatha.

Za akathyali a pa foni tinene mwachidule: palibe ofesi ya boma kapena kampani imene imafunsa nambala yachinsinsi. Lamulo la Data Protection Act la 2024 likuti wotenga mbiri ya munthu anene chifukwa chake, ndiye aliyense wobwera m'mudzi kudzajambula ziphaso ayambe waonetsa kalata ya kwa DC kwa a Gulupu.

Chimene sitinakhutire nacho ndi ichi. Masamba ambiri a boma ali m'Chingerezi ndipo amafuna foni yamakono ndi bandulo, pamene kuno ambiri ali ndi foni za mabatani. Tinapempha kuti ntchito zofunika kwambiri zizipezekanso pa manambala oyimba a nyenyezi aja, m'Chichewa, komanso kuti njira ya pepala isatsekedwe. Kumayambiriro kwa 2024 makina a mapasipoti ataima, dziko lonse linadikira kwa masabata angapo. Gogo wopanda foni asamabwezedwe pa windo chifukwa choti zonse zinasamukira pa intaneti.

Tikupempha komiti ivomereze kuti komiti iliyonse ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) isankhe achinyamata awiri oyeza netiweki ndi kufufuza ziphaso, simu ndi mayina a ana a Fomu 3 ndi 4, ndipo makope abwere pa msonkhano wa mwezi wamawa. Zikasonkhana, alembi alembe makalata awiri odzera kwa DC: ina yopita ku MACRA yopempha nsanja, yokhala ndi chilolezo cha malo chosainidwa ndi mafumu, ina yopempha a NRB kuti adzakhale kuno kwa T/A masiku angapo kukonza ziphaso, mvula isanadule msewu wa ku boma.