Kodi supuni ya mafuta a kokonati ikufooketsa mankhwala a amuna anga?

Adokotala,

Ndakhala ndikuwerenga danga lanu kwa nthawi yaitali, koma lero ndi ulendo wanga woyamba kukulemberani. Mtima wanga uli m'mwamba, ndipo pakhomo pano tayamba kusemphana mawu chifukwa cha mankhwala.

Sabata yatha amuna anga anachekedwa ndi chitsulo pamsongolo ali kuntchito. Bala lake linali laling'ono moti anangolitsuka n'kumangapo kansalu. Patapita masiku atatu mwendo unatupa, khungu lozungulira balalo likunyezimira ndiponso kutentha, ndipo usiku thupi lonse linali ngati moto. Kuchipatala anati mabakiteriya alowa m'khungu. Anawabaya jakisoni wa kafumbata n'kutipatsa makapisozi a flucloxacillin a 500mg, oti azimwa kanayi pa tsiku kwa masiku 7. Namwino anajambula mzere ndi cholembera mozungulira pomwe kutupa kunalekezera, nati tiziona ngati kukubwerera kapena kukudutsa mzerewo. Pawindo lolandirira mankhwala anangotiuza mwachidule kuti azimwa m'mimba mulibe kanthu. Kunyumba ndinawerenga kapepala ka m'bokosi, ndipo kanena zomwezo: mphindi 30 mpaka ola limodzi munthu asanadye, kapena pakapita maola awiri atadya.

Tsiku loyamba tinatsatira zimenezo, koma amuna anga ankadandaula nseru. Mawa lake kunabwera alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna angawa, atanyamula botolo la mafuta a kokonati. Ndiyenera kunena kuti mayi amenewa amamukonda mchimwene wawo kwambiri, ndi amene anamulera makolo atamwalira, ndipo sanabwere ndi mtima woipa ngakhale pang'ono. Iwo akuti supuni imodzi ya mafutawa ikatsogola imayala m'mimba kuti kapisozi asapweteke, komanso akuti mafutawo paokha amapha tizilombo, ndiye mankhwala awiri akagwirizana matenda athawa msanga. Anandionetsa uthenga pafoni wonena za lauric acid. Nditafufuza ndinapeza kuti n'zoona pafupifupi theka la mafuta a kokonati ndi lauric acid ameneyu, ndiponso kuti akamuyesa m'timbale ta m'labotale amalimbana ndi mabakiteriya ena. Koma kambale ka m'labotale si mwendo wa munthu, ndipo mafuta akalowa m'mimba amagayidwa ngati chakudya china chilichonse. Ndinayesa kunena zimenezi mwaulemu. Yankho linali lakuti ndikufuna kuoneka wophunzira.

Ndiye kwa masiku atatu apitawa amuna anga akhala akumwa supuni yaikulu ya mafuta, kenako kapisozi, kanayi pa tsiku. Iwo ali pakati pa mkazi ndi mlongo wawo, ndipo akuti nseru yachepa, choncho sakuona vuto.

Chomwe chikundisokoneza kwambiri n'chakuti sindingathe kuima n'kunena kuti mafuta ndi mdani wa mankhwala, chifukwa ndinaonapo zosiyana ndi maso angawa. Mwana wathu wamng'ono atadwala malungo n'kupatsidwa LA, anatiuza kuti azimwa pamodzi ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta, popeza lumefantrine wa m'mapiritsiwo salowa bwino m'magazi popanda mafuta. Mkulu wake atagwidwa chipere cha m'mutu anapatsidwa griseofulvin, ndipo malangizo anali omwewo. Apa ndinamvetsa kuti pali mankhwala ena osasungunuka m'madzi, omwe amadikira ndulu imene thupi limatulutsa munthu akadya zamafuta kuti iwathandize kulowa m'matumbo. Alamu anga akuikumbukira bwino nkhani ya LA imeneyi ndipo ndi imene akundigonjetsera nayo. Koma mkaka womwewo, ine nditadwala chikhodzodzo n'kupatsidwa ciprofloxacin, anandiletsa kumwera mankhwalawo. Pamenepo vuto silinali mafuta a mumkaka ayi, koma kashiamu, yemwe amagwirana ndi mankhwalawo m'matumbo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Anandichenjezanso za mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira pa chifukwa chomwechi. Bambo anga omwe, nthawi imene ankamwa mankhwala a TB, ankadzuka m'mamawa kumwa asanalawe kanthu chifukwa rifampicin amalowa bwino m'mimba mukakhala mopanda chakudya.

Choncho ndikuona kuti mankhwala aliwonse ali ndi khalidwe lawolawo, ndipo a amuna angawa ali m'gulu losafuna chakudya. Funso langa lalikulu ndi ili: kodi supuni imodzi ya mafuta ikuwerengedwa ngati chakudya? Alamu anga akuti chakudya ndi chimene munthu watafuna n'kukhuta, osati kamadzi kamene wangomeza. Ine ndimadziwa kuti mafuta amachedwetsa zinthu kutuluka m'chifu kupita m'matumbo, ndipo ndikuopa kuti kapisozi akumakhalitsa m'chifumo, n'kufika kubalako mphamvu yake itachepa. Kodi mantha angawa ali ndi maziko?

Sindikufunsa mwachidwi chabe. Lero ndi tsiku lachisanu chiyambireni kumwa makapisozi. Kutentha thupi kwatsika, kutupa sikunadutse mzere wa namwino uja, koma sikunabwererenso ndi pang'ono pomwe. Usiku ndimadzuka n'kuunika mwendowo ndi tochi ya foni iwo ali mtulo. Kuyambira dzulo atsegulanso m'mimba, katatu tsiku limodzi. Maantibayotiki amatha kutsegula m'mimba, mafuta ochuluka nawonso amatero, ndipo masupuni anayi pa tsiku si ochepa kwa munthu amene sanazolowere. Kodi pali njira yosiyanitsira? Nanga kutsegula m'mimbako sikukutulutsa mankhwala asanagwire ntchito? Ndi zizindikiro ziti zimene zikaoneka tisadikirenso tsiku limene anatiuza, tingonyamuka kubwerera kuchipatala?

China chimene chikundidya mumtima ndi nkhani imene mumaibwereza kawirikawiri m'danga lino, yakuti mankhwala akamafika m'thupi moperewera, mabakiteriya amene apulumuka amasanduka osamva mankhwala. Ngati masiku atatuwa mafuta akhala akufooketsa makapisozi, kodi masikuwo awonongeka? Sindikufuna kuwonjezera masiku kapena kuchulukitsa makapisozi mwa nzeru zanga, ndipo kukagula ena pandekha sindingayerekeze. Koma kodi ndi bwino kukawauza achipatala zonse mmene zachitikira? Amuna anga akuchita manyazi, akuti akatikalipira. Ine ndikuona kuti kukalipiridwa kuli bwino kusiyana ndi kutaya mwendo.

Ndipo ngati nseru ndi imene yatibweretsera zonsezi, kodi ingachepetsedwe bwanji popanda kuphwanya malangizo? Alamu anga afunsa chifukwa chake sanangopatsidwa amoxicillin, yemwe munthu amamwa kaya wadya kaya sanadye. Ndinawayankha kuti adokotala amasankha mankhwala poona mtundu wa mabakiteriya, osati poona amene ali osavuta kumeza. Ngati ndinalakwitsa mundikonze.

Dzulo madzulo alamu anga anafuna kupaka mafuta omwewo pabala penipeni. Apo pokha ndinakana kwamtuwagalu, ndipo chichokereni nthawi imeneyo sakundiyankhula bwino. Ndikupempha kuti poyankha mulembe m'mawu osavuta komanso osawanyoza, chifukwa ndikufuna tidzawerenge yankho lanulo tonse atatu titakhala pamodzi. Za ine sangamve, koma inu amakukhulupirirani. Pakadali pano botolo lija ndalibisa, ndipo kapisozi wa m'mawa uno amuna anga amwera madzi okha.

Ndine,
Mayi wa ana awiri wodera nkhawa